Waya wa 2.5 si wa chilichonse: mmene ndimasankhira waya woika m'nyumba

Mwezi wa Okutobala chaka chatha mayi ena a ku Nchalo anandiitana kuti ndikaone nyumba yawo ya lendi. Dandaulo lawo linali lakuti kukhitchini kukumamveka fungo la pulasitiki wopsa alendi akangoyatsa cooker. Ndinakwera m'siling'i cha m'ma 11 koloko m'mawa, malata atagwira kale dzuwa, thukuta lili kamukamu. Waya wopita ku cooker anali wa sayizi ya 2.5, wodutsa mupaipi imodzi ndi mawaya ena a masoketi. Nditakhudza khungu lake pamalo ena linangoyoyoka ngati nkhoko za mumphika. Nditatsika n'kutsegula bokosi la ma breaker, timaswichi tija timagwa tokha n'kuthimitsa magetsi akachuluka, ndinapeza kuti waya ameneyu ali pa breaker ya 40A.

"Amisiri, poyamba panali ya 20 koma inkangogwaigwa," anatero mayiwo. "Ndiye mnyamata wina anatiikira yayikuluyo, chiikireni sinagwenso."

"Mayi, sinagwenso chifukwa inasiya ntchito yake," ndinawayankha. Breaker saiika kuti iteteze cooker kapena filiji. Imateteza waya. Imayenera kugwa waya asanatenthe kufika poononga khungu lake. Mukaika breaker yoposa mphamvu ya waya, ndiye kuti wayayo ndi amene wasanduka fyuzi, ndipo fyuzi yake ili m'denga, pafupi ndi matabwa ouma. Zonse zimene ndilembe panozi zikuchokera pamenepa: magetsi amene chipangizo chimakoka asapose breaker, ndipo breaker isapose zimene waya angathe kunyamula pamalo pamene mwamudutsitsa. Mawu akuti "pamalo pamene mwamudutsitsa" ndi amene ambiri amawaiwala.

Ndimayamba ndi kuwerengera katundu. Magetsi a ESCOM ofika m'nyumba zathu ndi a 230V, choncho ma watt olembedwa pa chipangizo mukawagawa ndi 230 mupeza ma amp (A), muyezo wa magetsi amene chipangizocho chikukoka. Ketulo ya 2000W imakoka pafupifupi 9A. Giza yotenthetsera madzi ya 3000W imakoka 13A. Mababu a LED khumi a 10W onse pamodzi safika ngakhale theka la amp imodzi. Nambalazi musaziganizire, kawerengeni pa kachitsulo kapena kapepala komata kumbuyo kwa chipangizocho. Cooker ili ndi kawerengedwe kakekake chifukwa ma plate onse ndi uvuni sizikoka mphamvu yonse nthawi imodzi: ya 8000W ingakoke 35A zonse zitayaka, koma malamulo a mawaya amalola kutenga 10A yoyamba yonse, kuwonjezerapo 30 peresenti ya zotsalazo, ndi 5A ina ngati pa swichi ya cooker pali soketi. Zimabwera pafupifupi 23A. N'chifukwa chake cooker ya m'nyumba timaipatsa breaker ya 32A. Koma ngati ndi ya amayi ophika zogulitsa, uvuni osapuma kuyambira m'bandakucha, ine kuchotsera kumeneku sindikuwerengera, ndimatenga 35A yonse.

Mukadziwa breaker, mukusaka waya woiposa. Nambala timatchula ku hardware ija, 1.5, 2.5, 4, 6, 10, 16, si kunenepa kwa waya mukamuyeza ndi rula. Ndi kukula kwa nkhope ya mkuwa pamene mwadulapo, m'mamilimita a sikweya. Kuno ambirife tinaphunzira ntchito potsatira malamulo a ku Britain a BS 7671, ndipo matebulo ake amanena kuti waya wamkuwa wa khungu la pulasitiki ya PVC, awiri okha mupaipi yokwiriridwa m'khoma la njerwa, amanyamula chonchi: wa 1.5 amafika 17.5A, wa 2.5 amafika 24A, wa 4 amafika 32A, wa 6 amafika 41A, wa 10 amafika 57A, wa 16 amafika 76A. Waya wophwatalala uja wa twin and earth, akakhomedwa poyera pakhoma pomwe mphepo ikumupeza, amanyamulako zambiri: 20A wa 1.5, 27A wa 2.5, 37A wa 4, 47A wa 6. Waya yemweyo, mkuwa womwewo, kusiyana kwake n'kwakuti kutentha kukutuluka msanga kapena ayi.

Apa m'pamene pachokera chizolowezi chimene mmisiri aliyense amachidziwa pamtima. Mababu timaika 1.5 pa breaker ya 6A kapena 10A. Masoketi timaika 2.5 pa 20A ngati waya akungopita osabwerera, kapena pa 32A ngati ndi ring, kutanthauza kuti wachoka pa breaker, wazungulira masoketi onse n'kubwereranso pa breaker yomweyo, magetsi n'kumagawana njira ziwiri. Giza timaipatsa waya wakewake wa 2.5 pa 16A kapena 20A. Cooker 6 pa 32A. Chizolowezichi n'chabwino, koma chili ndi mbuna pa ring: mbali imodzi ikaduka kapena wina akaimasula pokonza soketi, masoketi onse amayakabe, palibe amene angadziwe, koma tsopano 2.5 mmodzi yekha ali pa breaker ya 32A. Ndikalowa m'nyumba yakale ndimayamba ndayeza ngati ring idakali yolumikizana.

Tsopano nkhani ya kutentha, imene inapsetsa waya wa ku Nchalo uja. Manambala onse ndatchulawa amawerengera kuti mpweya wozungulira waya uli pa madigiri 30. PVC wamba amapirira mpaka madigiri 70 pa mkuwa. Ndiye kuti waya ali ndi mpata wa madigiri 40 okha woti atenthere ndi magetsi. Malo akatentha kale, mpatawo umachepa. Pa madigiri 35 mumachulukitsa mphamvu ya waya ndi 0.94, pa 40 ndi 0.87, pa 45 ndi 0.79, pa 50 ndi 0.71. Ku Dedza kapena ku Mzuzu mwina simungazilabadire kwambiri, koma ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene Okutobala ndi Novembala panja pokha pamadutsa madigiri 40, pakati pa malata ndi siling'i pamakhala ng'anjo. Ngakhale ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kwerani m'denga la malata masana a chilimwe mudzandiuze.

Chachiwiri ndi kuthithikana. Mawaya akachuluka mupaipi imodzi amatenthetsana ngati anthu m'minibasi ya ku Limbe. Ma circuit awiri (circuit ndi mawaya ochokera pa breaker imodzi) mupaipi imodzi, chulukitsani ndi 0.80. Atatu, 0.70. Anayi, 0.65. Ndiye tiyeni tiwerengere za ku Nchalo zija: waya wa 2.5 mupaipi ndi 24A. M'denga la madigiri 45 watsala ndi 19A. Mupaipimo munali ma circuit atatu, ndiye 19 kuchulukitsa ndi 0.70, watsala ndi 13A basi. Waya amene aliyense amamutcha "wa 20A" anali wa 13A, ndipo pa iye panali cooker, kumbuyo kwake breaker ya 40A. Ngakhale ija ya 20 inkagwaigwa ija inali yomukulira kale.

Ndikudziwa kuti paipi ina ndi ndalama, kugoba khoma kawiri ndi ntchito. Koma ine cooker ndi giza sindiziphatikiza ndi chilichonse, chilichonse chimayenda paipi yakeyake. Mababu a LED mutha kuwaphatikiza, sakoka kanthu. Ndipo ngati m'siling'i mwanu munayalidwa zotchinga kutentha zija zonga thonje, waya asakwiririke m'menemo. Waya wokwiririka mtunda wa theka la mita kapena kuposa amataya theka la mphamvu yake yonse.

Pali chinthu china chimene sichiotcha nyumba koma chimapha zipangizo: kutalika. Waya aliyense amadya ma volt pang'ono pa mita iliyonse. Matebulo amapereka nambala ya waya aliyense: 29 wa 1.5, 18 wa 2.5, 11 wa 4, 7.3 wa 6, 4.4 wa 10, 2.8 wa 16. Mumatenga nambalayo, kuchulukitsa ndi ma amp, kuchulukitsanso ndi mamita, n'kugawa ndi 1000. Yankho lake ndi ma volt otayika panjira. Malire ake ndi 3 peresenti ku mababu, omwe ndi 6.9V, ndi 5 peresenti ku zina zonse, omwe ndi 11.5V.

Chitsanzo chimene ndimakumana nacho pafupifupi mwezi uliwonse ndi boys' quarter. Bwana wamanga kanyumba kuseri, mamita 40 kuchokera pa bokosi la nyumba yaikulu, akufuna kuikamo walendi amene ali ndi ketulo, ayironi ndi hot plate. Tinene 20A. Pa kutentha, 2.5 akanakwanira. Koma 18 kuchulukitsa ndi 20 ndi 40, kugawa ndi 1000, zikupereka 14.4V. Zadutsa malire. Wa 4 akutaya 8.8V, zomwe masoketi angazilole koma mababu ayi. Wa 6 akutaya 5.8V, ndiye amene ndimaika. Bwana amadandaula mtengo, ndimamvetsa, koma kumbukirani kuti madzulo aliyense akamaphika, m'madera ambiri magetsi amafika pa mita ali otsika kale. Mukachotsanso ma volt 14 panjira, filiji ya walendi imayamba movutikira, mota yake n'kumatentha. Pampu ya mjigo yomwe ili mamita 80 kapena 100 kumunda ndi chimodzimodzi, mwinanso kuposa, chifukwa mota polira koyamba imakoka magetsi kangapo kuposa amene imakoka ikamayenda.

Tikafika ku sola ndiye nkhaniyi imakula zedi. Anthu amaganiza kuti 12V ndi yaing'ono, choncho waya wina aliyense achita, ngakhale wa sipika. Ndi zosiyana kwenikweni. Ma volt akachepa, ma amp amachuluka. Inveta ya 1000W ku mbali ya 230V imatulutsa ma amp anayi ndi pang'ono, koma ku batire ya 12V imakoka kuposa 83A, ndipo mukawerengera zotayika mkati mwake imayandikira 100A. Pamenepo pafunika waya wa 25 kapena 35, wamfupi mmene mungathere, ndi fyuzi pafupi penipeni ndi mutu wa batire. Batire ikachita shoti palibe ESCOM woti athimitse, imatulutsa ma amp mazanamazana mpaka waya afiire. Komanso ma volt otayika amapweteka kwambiri pa 12V: panelo yotulutsa 10A, mamita 10 kuchokera padenga, pa waya wa 2.5 imataya 1.8V, yomwe ndi 15 peresenti ya zonse. Batire sidzaza, mwiniwake n'kumanena kuti anamugulitsa panelo yabodza. Pa waya wa 6 imataya 0.7V. Ngati mabatire ndi awiri, kuwalumikiza kuti apange 24V kumachepetsa ma amp ndi theka, bola inveta ikhale ya 24V. Mawaya ena obwera ndi zipangizo za sola amalembedwa AWG, muyezo wa ku America umene umayenda chobwerera: nambala ikamakula waya akuchepa. 14 AWG ndi pafupifupi 2.1, 12 AWG ndi 3.3, 10 AWG ndi 5.3.

Za mkuwa zatha, tibwere ku khungu. Ambiri pogula amangoyang'ana mtundu, wofiira kapena wakuda. Mitundu nayo muisamale, chifukwa m'nyumba zathu mukupezeka iwiri: yakale ya wofiira ngati live ndi wakuda ngati neutral, ndi yatsopano ya wabulawuni ndi wabuluu. Earth ndi wa girini ndi chikasu. Koma chofunika kwambiri ndi chimene khungulo linapangidwira. PVC wamba ndi wa m'nyumba, mupaipi kapena pakhoma posafika dzuwa. Mukamuyendetsa panja, dzuwa limamuumitsa, amang'ambika, mvula ya Disembala n'kupeza polowera. Twin and earth woyera kapena wotuwa womangidwa pa mtengo wa mango kupita ku khola la nkhuku ndimamuona kawirikawiri, ndipo sakhalitsa. Waya wa khungu lina lotchedwa XLPE amapirira madigiri 90, choncho m'malo otentha amataya mphamvu yochepa kuposa PVC: pa madigiri 45 mumachulukitsa ndi 0.87 m'malo mwa 0.79. Koma musamuwerengere mphamvu yake yonse ngati akukathera pa soketi kapena swichi wamba, chifukwa zimenezo zinapangidwira madigiri 70.

Pansi panthaka pamafunika armoured, uja wokulungidwa ndi timawaya tachitsulo. Kumbani ngalande yakuya theka la mita kapena kuposerapo, yalani mchenga pansi ndi pamwamba pa waya kuti miyala isamubaye, kenako tepi yochenjeza musanakwirire konse. Khasu la wolima m'munda, makoswe ndi chiswe ndi zimene timaziopa. Zitsulo zokutirazo zilumikizidwe ku earth kudzera pa gland yake, kachitsulo komangira waya polowa m'bokosi, osati kungozidula n'kuzisiya. Padenga, kuchokera ku mapanelo, ikani waya wa sola weniweni wa makungu awiri, wa 4 kapena 6, wopirira dzuwa. Wabwino amalembedwa H1Z2Z2-K. Pa giza, kagawo komaliza kolowa pa element kakhale flex (waya wofewa uja wa timaulusi tambiri) yopirira kutentha. Pa makina owotcherera zitsulo kapena chilichonse chokokedwakokedwa pansi, flex ya labala ya H07RN-F imapirira kuposa ya PVC. Yang'ananinso ma volt olembedwa pakhungu: 300/500V pa twin and earth ndi ma flex ambiri, 450/750V pa mawaya a mupaipi, 600/1000V pa armoured. Waya wosalembedwa kalikonse musamuike pa 230V.

Ma extension ndingowatchula mwachidule, ngakhale ndi amene amapsa kawirikawiri. Flex ya 0.75 ndi ya 6A, ya 1.0 ndi ya 10A, ya 1.25 ndi ya 13A. Ma extension otchipa ambiri mukawang'amba mumapeza timaulusi tochepa kwambiri, pomwe munthu walumikizapo hot plate. Fyuzi ya mupulagi ya mano atatu ija, 13A kapena 3A, imateteza flex imeneyi, ndiye amene amaichotsa n'kukulungapo waya kapena pepala la siliva la mupaketi ya fodya akuchita zomwe anachita mnyamata wa ku Nchalo. Extension yozungulira pa gudumu muitambasule yonse musanalumikize chinthu cholemera.

Kuwerengera konseku n'kwachabe ngati waya mwagulayo si amene walembedwa pa chikuto. Pamsika pali mawaya amitundu iwiri ondipatsa mantha: wamkuwa weniweni koma wochepa kuposa nambala yake, ndi wa aluminiyamu wopakidwa mkuwa pamwamba pokha. Aluminiyamu amadutsitsa magetsi pafupifupi 61 peresenti chabe ya mmene mkuwa umadutsitsira, amathyoka msanga, ndiponso amakhwefuka pa sikuluwu ya soketi, pamene pakakhwefuka pamatentha. Ine pogula ndimapempha kudulako kachidutswa. Ndimapala ndi mpeni: akaoneka woyera mkati, ndimabweza. Kaulusi kamodzi ka mkuwa weniweni mukakaika pa lawi la machesi kamafiira koma kamakhalabe chiimire, ka aluminiyamu kamapindika n'kugwa. Ndimayendanso ndi vernier, kachipangizo koyezera kunenepa kwa waya: waya wa 1.5 wa mtima umodzi ayenera kunenepa 1.38mm, wa 2.5 akhale 1.78mm. Ngati muli ndi multimeter yabwino, mpukutu wa mamita 100 wa 2.5 uyenera kuonetsa pafupifupi 0.74 ohm, wa 1.5 pafupifupi 1.2 ohm. Ngakhale sikelo ya pa golosale imathandiza: mkuwa wokha wa mumpukutu wa 2.5 wa mamita 100 umalemera makilogalamu awiri ndi pang'ono, osawerengera pulasitiki. Mpukutu ukapepuka m'manja, mtengo wake n'kukhala theka la anzake, mwayankhidwa kale. Waya wabwino amakhala ndi dzina la fakitale, kukula kwake, ma volt ndi nambala ya muyezo monga BS 6004 kapena SANS 1507 zolembedwa pakhungu lenilenilo, osati pa pepala lokha.

Ndalemba izi kuti mwini nyumba azitha kufunsa mmisiri wake mafunso oyenera ndi kuona zimene zagulidwa, osati kuti aliyense atsegule bokosi la ma breaker. Ntchito yoika mawaya m'nyumba kuno imafuna munthu wa chiphaso cha MERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndipo ESCOM isanalumikize nyumba yatsopano pamafunika mapepala a ntchitoyo. Mufunseni mmisiri wanu kuti cooker waiika pa waya wanji ndi breaker yanji, mupaipi iliyonse muli ma circuit angati, ndipo masoketi ali ndi earth leakage ya 30mA, swichi imene imagwa magetsi akamathawira kunja kwa waya, kapena ayi. Breaker imateteza waya, koma imene imateteza munthu akagwidwa ndi magetsi ndi earth leakage. Akamaliza, ayeze khungu la mawaya ndi megger, chipangizo choyezera ngati khungu likutaya magetsi, pa 500V muli pomwepo. Malire apansi ndi megohm imodzi, koma mawaya atsopano ayenera kuonetsa zambiri kuposa pamenepo, ndipo ine ndikapeza nambala yoyandikira malirewo pa nyumba yatsopano ndimayamba kusaka pamene msomali wa akalipentala walasa.

Ku Nchalo kuja tinathimitsa main switch, kuyeza kuti magetsi achokadi, n'kusolola waya wopsayo yense. Masoketi a kukhitchini nawo tinawasinthira waya chifukwa anali ataphikidwa limodzi. Ku cooker ndinkafuna kuika 6 pa breaker ya 32A monga mwa nthawi zonse, koma nditawerengera ndinaona kuti m'denga lija 41A kuchulukitsa ndi 0.79 ikungotsala 32A ndi pang'ono chabe, ndipo tsiku lofika madigiri 50 itsika kufika 29A. Panali njira ziwiri: kugula waya wa 10, kapena kumuchotsa m'denga. Bokosi la ma breaker linali pakhoma la pakhonde, kuseri kwake kuli khitchini, choncho tinagoba khoma, kuika paipi yakeyake ya mamita 7, wayayo osakweranso kumalata. Breaker ya 40A mayi aja anafuna kuisunga kuti mwina idzagwira ntchito penapake. Ndinawapempha kuti ndipite nayo, n'kuichotsera pa mtengo wa ntchito.